Za Nyama Zosasunga Nthawi ndi Kadzidzi Amene Ndamuiwala

Kwa Olemekezeka Bwana Mkulu wa Paki,
Ofesi ya Pamwamba, Khomo la Galasi,
Kuseri kwa Geti Lalikulu.

Bwana wanga wolemekezeka kwambiri,

Ndikulemba kalata ino ndi chimwemwe chosefukira, choncho mukaona zilembo zina zikukwera chitunda mundikhululukire. Ine ndine uja alendo amanditchula kuti Mayi Shii, woyendetsa boti nambala 4, amene ndakhala ndikutenga anthu kukaona nyama m'dambo lino kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Dzinalo linabwera chifukwa chala changa sichichedwa kufika pamlomo mlendo akayamba nkhani pakati pa bango. Nkhope yanga mwina simukuikumbuka, ndipo sindikudandaula, poti anthu a yunifolomu timafanana. Koma dzina langa mwalisainira katatu chaka chino, ndipo ulemu woterowo sindinaulandirepo kwa bwana wina aliyense.

Lolemba lapitali mesenjala wanu anandipatsira kalata yachenjezo yachitatu. Bwana, pepala lake! Lokhuthala, losalala, chidindo chagolide pakona. Apongozi anga analigwira ndi manja awiri, analinunkhiza, kenako anafunsa ngati tawina mpikisano. Ndinawauza kuti pafupifupi. Kalatayo ikuti Lachinayi ndikaonekere pamaso pa komiti, ndipo malamulo amene munabwera nawo amati munthu wa makalata atatu amatula pansi ntchito n'kubweza makiyi a nyumba ya antchito ya ku malayini pasanathe sabata ziwiri. Ndiye ndati ndisachoke ngati munthu wosayamika. Ndinayesa kudzakuthokozani pamaso, koma sekilitale wanu anati muli pa msonkhano wokonzekera msonkhano wina. N'chifukwa chake kalatayi ndaimata pa bolodi la pageti, kuti aliyense wolowa aone zabwino zimene mwatichitira.

Choyamba, zikomo chifukwa cha ndandanda ya nyama. Inu musanabwere, nyama za muno zinkakhala mwachisawawa zedi. Mvuu inkavuuka pamene yafunira, ng'ona inkagona pamene tulo taipeza, palibe ndi imodzi yomwe imene inkaganizirako za mlendo. Inu munathetsa chipwirikiti chimenecho ndi kabuku kokongola kamene mlendo aliyense amalandira pageti. 8:15, mvuu ziyasamula. 9:00, ng'ona iwothera dzuwa. 9:40, nkhwazi igwira nsomba. Kumapeto kwake kuli fomu yoti mlendo achonge chimene waona, ndipo bokosi likatsala lopanda kanthu wolakwa ndi woyendetsa boti. Zimenezo n'zomveka, chifukwa nkhwazi ilibe nambala ya ntchito yoti muilembere kalata.

Kalata yanga yoyamba yachenjezo inabwera chifukwa cha nkhwazi yomweyo. Tsikulo inali pa mtengo wake wouma, ife tili pansi, alendo asanu ndi atatu makamera m'mwamba, mmodzi maso pa wotchi. 9:40 inakwana, nkhwazi inakanda khosi. 9:50 inatembenuka n'kutipatsa msana. Ndinaliza injini kuti tisaphonye gawo lotsatira, ndipo tikungokhota, kumbuyo kwathu kunamveka phwaa! Yanyamula chinsomba chotalika ngati mkono wanga, madzi akuchucha, iyo ikulira mokondwa kumwamba. Amene anaona ndi ine ndekha, alendo onse anali akuwerenga kabuku kuti adziwe chimene chikubwera.

Ndinaona kuti vuto ndi loti nyamazi sizinauzidwe. M'mawa mwake ndinatenga kabuku kanu kukaziwerengera. Mvuu zinamvetsera mwaulemu, timakutu tikugwedera. Nditafika pa 8:15, yaikulu ija timaitchula kuti Tcheyamani inatulutsa mbuyo m'madzi, n'kuyamba kupukusa mchira uku ikumwaza zimene mvuu zimamwaza. Zina zinagwera pa tsamba lachiwiri. Ine ndikukhulupirira kuti ndi mmene zimasainira, ndipo tsambalo ndalisunga kuti ndidzalipereke ku komiti.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha yunifolomu ndi zokuzira mawu. Kale tinkavala zotuwa ngati matope, moti ngakhale akakowa sankatiwerengera. Inu munatipatsa malaya achikasu chowala, oti munthu awaone ali tsidya lina la dambo. Tsopano nyama zimationa tisanazione n'kutipatukira mwaulemu. Ndiye pa boti lililonse munamangapo chokuzira mawu, mmene muli mawu anu enieni, ojambulidwa, ofotokoza masomphenya a paki kwa mphindi makumi asanu. Bwana, mawu anuwo nyama zimawalemekeza! Mukangoti "Alendo athu okondedwa," ng'ona zonse zimagwera m'madzi nthawi imodzi, atsekwe amanyamuka gulu lonse, ngakhale ng'azi yaulesi ija ya pa doko imapeza liwiro. Alendo anga tsopano ndi akatswiri a michira. Mayi wina anandionetsa zithunzi zake mazana awiri, zonse za madzi pamene pangochoka chinthu.

Apa ndiulule tchimo limene linabala kalata yachiwiri. M'mawa wina wozizira, nkhungu ikadali pamadzi, chokuzira mawu cha boti langa chinafa. Amuna anga, amene ndi makaniko wa mainjini a paki, anachiyang'ana nkhope ili gwa n'kunena kuti: "Ndi makoswe awa, mayi. Makoswe a masiku ano mano ake amadula ngati pulayala." Ine za mawaya sindizidziwa, ndinangovomera. Pozizira paja ndinavalanso jekete lawo lotuwa pamwamba pa chikasu chanu. Ndipo titafika pa thamanda la akakombo, satana anandilowa, ndinazimitsa injini. Kalata yanu ikuti ndinataya mphindi makumi anayi za alendo. Mundilole ndifotokoze kumene zinapita, kuti mwina ofesi ikazitole.

Mphindi khumi zoyamba panalibe chilichonse. Alendo ankatembenukatembenuka pa mipando, wina anatsegula bisiketi, ndipo bambo wina wonenepa wa kamera yaitali anafunsa ngati mafuta atha. Ndinaika chala pamlomo. Kenako dambo linatiiwala, ndipo dambo likakuiwalani m'pamene limayamba. Panatulukira kambalame kaja ka zala zazitali kamene kamayenda pa masamba a kakombo osamira, ife timakatchula kuti Kanyang'ama. Kanali katate, tiana tinayi pambuyo. Kataona mthunzi wa kabawi, kanagwada, tiana tonse tinalowa m'mapiko, ndipo kanaimirira n'kuyamba kuyenda, timiyendo ta ana tikulendewera pansi. Mbalame imodzi, miyendo khumi! Mtsikana wina wongokwatiwa kumene anaseka atagwira pakamwa mpaka misozi, boti lonse likugwedezeka ndi kuseka kopanda mawu.

Sitinapume n'komwe, akatumbu awiri anavuuka pafupi penipeni ndi boti, wina atagwira nkhanu ndi manja ngati munthu, akuikukuta mpaka tinkamva khu khu khu. Anatiyang'ana ndevu zili zonyowa, anaona kuti sitili kanthu, n'kupitiriza kudya. Ndiye kuchokera m'gumbwa munatuluka ng'ona yaikazi, ikusambira pang'onopang'ono kukamwa kuli kotsegula pang'ono, ndipo pakati pa mano aja, mano amene amathyola mwendo wa njati, pankasuzumira timitu ta ana ake ngati ana a sukulu pa mawindo a basi. Inadutsa kutsogolo kwathu n'kukatula tianato bwinobwino pa madzi osaya. Ine zaka zonsezi zimenezi ndinali nditaziona kawiri kokha. Bambo wa kamera uja anatembenuka, maso ali tong'o, n'kunong'ona kuti: "Mayi, ndaiwala kujambula. Ndaiwaliratu, mayi!" Ndipo ankasekerera ngati walandira mwana.

Tsoka lake, pa fomu yanu palibe bokosi la mbalame ya miyendo khumi, la katumbu wodya nkhanu, kapena la ng'ona yonyamula ana. Alendo analemba zambiri m'mphepete mwa pepala, ena mpaka kuseri, koma ofesi yanu imawerenga mabokosi okha, ndipo onse anali opanda kanthu. Munachita bwino kundichenjeza. Munthu akazolowera kuonetsa alendo zinthu zimene sizinavomerezedwe, mawa angawaonetse chilichonse.

Chachitatu, zikomo potipatsa chitsanzo chabwino, mnzathu uja timamutchula kuti Chidule, wa boti nambala 2, amene chithunzi chake chapachikidwa ku ofesi miyezi isanu motsatizana. Chidule sanalandirepo kalata, chifukwa ng'ona yake sinachedwepo. 9:00 iliyonse imakhala pa mchenga womwewo, mutu kuloza kumodzimodzi. Ndi ng'ona yodzisunga, siidya, siiphethira, mawu anu saithawa. Anthu ansanje amanena kuti ndi chipika cha mtengo chimene Chidule anachisema ndi chikwanje n'kuchiika maso a mabotolo, koma ine sindiyenda m'miseche. Chimene ndinaona ndi maso anga n'choti tsiku lina ng'ona yeniyeni inakagona pambali pake, ndipo mlendo wina anadandaula pa fomu kuti yachiwiriyo sinkaoneka bwino, inali ndi matope. Chidule anaithamangitsa ndi nkhafi, ndipo ulendo unapitirira pa nthawi yake.

Chachinayi, ndipo apa ndi pamene pagona kalata yachitatu, zikomo chifukwa cha chikondi chanu pa kadzidzi. Kwa owerenga amene sakumudziwa, m'paki muno muli kadzidzi wamkulu wofiirira, wotalika kufika m'bondo mwa munthu, amene amadya nsomba. Masana amabisala m'mitengo ikuluikulu ya m'mphepete mwa madzi, ndipo pali anthu amene amakwera ndege masiku awiri kuti angomuona kamodzi asanafe. Apongozi anga mpaka lero sazimvetsa. Amati: "Iwe, kadzidzi weniweni? Yemwe uja akalira padenga timamuponya miyala? Anthuwa kwawo kulibe zochita?" Ine kadzidziyu ndinamufunafuna zaka zisanu ndi chimodzi. Kumene ali boti silifika, timapita pa kabwato ndi nkhafi, alendo awiri okha pa ulendo, m'tinjira ta gumbwa timene timasintha chaka ndi chaka, moti amene ndawatengako sangabwerereko okha. Chaka chino ali awiri ndi mkazi wake, ndipo m'phanga la mtengomo muli kamwana kamodzi koyera ngati thonje.

Inu mutamva, munachita zimene mtsogoleri wamasomphenya amachita. Ndinaona mapulani ake pa bolodi lomweli: ngalande yoti maboti a injini azifika, nsanja ya simenti ya anthu makumi anayi, magetsi owalitsa m'phangamo, kantini ya zoziziritsa kukhosi, ndi chikwangwani cha dzina lanu pamwamba. Mu kabuku ka chaka chamawa mwakonza kale mzere wake: 11:15, kadzidzi aphethira. Bwana, ndinavina! Ndinavina pa doko pomwepo mpaka amuna anga anandigwira mkono kuopa kuti ndigwera m'madzi. Chimene chinatsala n'chimodzi chokha, choti ine ndikusonyezeni mtengowo.

Ndiye munatumiza wopima malo, bambo waulemu wa nsapato zoyera ndi foni ya mapu. Tinanyamuka bwinobwino pa kabwato. Koma tingolowa m'gumbwa, bwana, mutu wanga unangoti mbee. Ndaiwala! Tinakhota kumanja, tinakhota kumanzere, tinadutsa pa chisa cha nantchengwa katatu mpaka mwini wake anayamba kutizolowera. Ndinamuonetsa bamboyo mitengo yambiri yabwino, wina wa mavu, wina wa nyerere zoluma, ndipo iye anailemba yonse. Patatha maola anayi foni yake inazima, khosi litapsa ndi dzuwa, ndipo ananena motsitsa mawu kuti: "Mayi, ingondibwezani kumtunda, ine ndili ndi ana." Lipoti lake linati njira yathu pa mapu ikuoneka ngati ulusi umene mphaka waseweretsa. Kalata yanu ikuti ndabisa katundu wa paki.

Sindinabise, bwana, ndi ukalamba. Matendawa ndi odabwitsa, chifukwa zina zonse ndikukumbuka. Ndikukumbuka mvuu iliyonse ndi chaka chimene inabadwa. Ndikukumbuka kuti mtengo wa akakowa, umene munaumangira nsanja chaka chatha, unali ndi zisa mazana atatu, ndipo lero uli ndi chikwangwani chokha. Koma wina akangotchula simenti, mtengo wa kadzidzi umafufutika m'mutu mwanga. Amuna anga akuti mwina ndi makoswe omwe aja.

Mundilole ndisiye kuseka pa ndime imodzi yokha. Ndikuopa, bwana. M'nyumba nambala 7 ya ku malayini ndinalowamo ndili mtsikana, mwana wanga wamkazi anaphunzirira kuyenda pakhonde pake, ndipo mtengo wa mandimu umene uli kuseri ndinabzala ndekha. Apongozi anga amanga kale mapoto awo m'katoni ndipo amakhala pa katonipo tsiku lonse, kudikira. Ntchito ina sindiidziwa. Ndimadziwa kuwerenga madzi, kuzimitsa injini ndi kutontholetsa anthu akuluakulu, ndipo m'tauni palibe amene akufuna munthu wotero. Ndikudziwa kuti chiganizo chimodzi chingandisungire zonsezi Lachinayi, kungonena kuti mukhote apa, mudutse apa. Ndachiyeserera pakamwa kangapo ndikutsuka boti. Chimakana kutuluka ndikangoganiza za kamwana koyera ka kadzidzi kaja kali pa magetsi.

Basi, ndimeyo yatha, tibwerere ku chimwemwe, chifukwa ndili ndi nkhani yabwino! Ndatulukira mankhwala a matenda anga. Ndaona kuti nzeru zimabwerera pakakhala bata, ndipo bata likatalika njira yonse imaonekera. Choncho, ndi maondo onse awiri pansi, ndikupempha chinthu chimodzi chokha komiti isanakhale.

Mubwere Lachitatu m'mawa, inuyo mwini wake, nokha. Foni muisiyire sekilitale. Suti muisiye, amuna anga akubwerekani ovolosi yotuwa, yachapidwa kale. Mudzakhala kutsogolo kwa kabwato, ine kumbuyo ndi nkhafi, ndipo ndidzakutengani mpaka pansi pa mtengowo. Lamulo ndi limodzi: musayankhule. Mukangotsegula pakamwa, kaya ndi kupereka malangizo, kaya ndi kufotokoza masomphenya, nzeru zidzandithawa ndipo tidzabwerera. Ulendo wake ndi wa maola atatu. Ogwira ntchito anzanga akuti simudzadutsa gulaye woyamba, koma ine ndawakalipira, ndawauza kuti munthu amene anatha kuyankhula mphindi makumi asanu osapuma sangalephere chinthu chaching'ono ngati kukhala chete.

Tikadzafika, mudzayang'ana m'mwamba n'kuona masamba okha. Mudzadikira, udzudzu udzakulumani, mwendo udzachita dzanzi. Kenako nthambi ina idzatsegula maso, aakulu, akuda bii, ndipo idzakuyang'anani kuchokera kumwamba osadziwa kuti ndinu bwana. Mukadzatsika pa kabwato tsikulo mukufunabe simenti, makiyi a nyumba ndidzakupatsani m'manja pomwepo, ndipo thumba loyamba la simentiyo ndidzasenza ndine. Ndikulonjeza molimba mtima chifukwa pa anthu onse amene ndawafikitsa pansi pa mtengo umenewo, palibe amene anabwerako akufuna kumangapo kanthu.

Za mayendedwe musavutike, galimoto siifunika. Mukatuluka pa khomo la galasi mukhotere kumanzere, mudutse pamene mumaimika galimoto yanu, mutsike ndi kanjira kamene kali kuseri kwa thanki. Ndi mphindi zinayi zokha. Pamene simenti yathera mudzaona madzi ambiri, bango ndi mbalame. Musadzidzimuke, bwana, ndipo musaitane alonda. Imeneyo ndiyo paki imene mwakhala mukuiyendetsa zaka zitatu, ndipo ine ndidzakhala pamenepo kuti ndikudziwitseni kwa iyo.

Ine wantchito wanu wosayenera, wodzala ndi kuthokoza,

Mayi Shii,
Woyendetsa boti nambala 4, kufikira Lachinayi.